Mtima ukamathamanga usanadzuke n'komwe: za nkhawa ya m'mamawa

Anzanga, pali vuto lina limene ambiri tili nalo koma sitilitchula, kaya pa asembule kaya m'kalasi. Munthu wa malungo timamudziwa, amabwera ndi kabuku ka kuchipatala, aphunzitsi n'kumumvetsa. Wobinya mwendo pa mpira tonse timamuona akutsimphina. Koma pali wina amene tsiku ndi tsiku amadzuka mtima ukugunda ngati wathamanga kuchokera ku Nsanama, m'mimba mukupotokola, manja akunjenjemera, chonsecho thupi silikutentha ndipo bala palibe. Akafika mochedwa timati ndi waulesi. Akajomba timati sukulu yamukanika. Ena amati ndi matama chabe, ena n'kumanong'onezana kuti amulodza.

Ine ndine mmodzi wa anthu amenewa. Zinandiyamba ndili Fomu 2, mayeso a JCE atayandikira, ndipo mpaka pano masiku ena zimabwerabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndikulidziwa vutoli dzina lake ndi mayendedwe ake. Dzina lake ndi nkhawa. Sindikunena nkhawa wamba ya tsiku la mayeso imene aliyense amakhala nayo, koma yoposa muyeso, imene imagwira thupi lonse n'kumulepheretsa munthu kuchita zimene akufuna. Zimene ndalemba pano ndazitola kwa achipatala, mu Bayoloje, komanso pa thupi langali. Nkhaniyi ndi yaitali, belu likalira mudzapitirize pa buleki.

Choyamba, dziwani kuti si inu nokha

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo nkhawa ili m'gulu la mavuto ofala kwambiri. Bungwe lomweli linapeza kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lapansi anali ndi matenda a nkhawa. Tangowerengani anthu amene timapanikizana m'kalasi imodzi muno, mugawe ndi 7. Nde muona kuti wina amene mumakhala naye desiki imodzi akhoza kukhala kuti akulimbana nazo mwakachetechete. Si matenda a azungu, si a anthu a m'tauni okha, komanso si a atsikana okha ayi. Anyamata nawo zimawagwira, kungoti amabisa kwambiri poopa kunenedwa kuti ndi ofooka.

Mmene zimamvekera m'thupi

Kwa ine zimayamba maso asanatseguke bwinobwino. Mtima umagunda mwamphamvu moti ndimaumva m'makutu. Pachifuwa pamakhala ngati wina waikapo thumba la mpunga. Kenako nseru, m'kamwa gwa kuuma, phala osalowa. Masiku ena ndimapita kuchimbudzi kawiri katatu ndisanavale yunifolomu. Ena amatuluka thukuta m'manja kukuzizira, ena amamva chizungulire, ena dzanzi m'zala ndi m'milomo, ena mutu ndi khosi kuwawa. Pamwamba pa zonsezi pamabwera maganizo othamanga: lero andiloza kuti ndiyankhe, andiseka, ndilephera mayeso, ndalama zimene makolo akuvutika nazo zipita pachabe, mwina ndikufa kumene.

Chodabwitsa n'chakuti ikamakwana 10 koloko zambiri zimakhala zitachepa, ndipo madzulo umakhala munthu wabwinobwino, kuseka ndi anzako pa thiredingi. N'chifukwa chake kunyumba sakhulupirira. Amati, "Dzulo lomweli umasewera mpira, lero ukuti ukudwala?" Komatu zimenezi zili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili m'thupi.

Galu wa m'mutu mwathu

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala. Ntchito yake ndi ngati ya galu wa pakhomo: kuuwa pakabwera choopsa. Kakauwa, uthenga umathamangira ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline. M'kanthawi kochepa thupi lonse limakonzeka kumenya nkhondo kapena kuthawa. Katswiri wina wa ku America, Walter Cannon, ndi amene anafotokoza zimenezi bwinobwino mu 1915.

Mukamvetsa zimenezi, chizindikiro chilichonse chimapeza malo ake. Mtima umathamanga kuti upope magazi ambiri kupita m'miyendo ndi m'mikono. Kupuma kumafulumira kuti mpweya ulowe wambiri. Ntchito yogaya chakudya imayamba yaima, magazi n'kuchepa m'mimba, n'chifukwa chake pamabwera nseru, kusafuna kudya ndi kutsegula m'mimba. Malovu amachepa, m'kamwa n'kuuma. Minofu imakungika kudikira kuthamanga, ndipo ikakungika osathamanga imanjenjemera n'kuyamba kuwawa. Thukuta limatuluka kuti liziziritse thupi. Dzanzi ndi chizungulire zimabwera chifukwa ukamapuma mwaphuma umataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mmene thupi likufunira.

Mutakumana ndi njovu yothawa m'nkhalango ya Liwonde, kapena njoka itadutsa pamapazi panu kumunda, zonsezi zingakupulumutseni. Galuyo ndi wofunika. Vuto la ife ankhawa n'lakuti galu wathu amauwa ngakhale mango akagwa padenga. Sasiyanitsa njoka ndi funso la Masamu. Thupi limakonzekera kuthawa pamene palibe chothawa, ndipo mphamvu yonse ija imangozungulira m'kati.

Nde apa pali mfundo ziwiri zofunika kuzigwira pamodzi. Zimene mukumvazo ndi zenizeni, simukunamizira. Koma pazokha sizipha, ndipo sizikutanthauza kuti mukuchita misala. Mantha aakulu aja, amene munthu amaona ngati mtima uima, kawirikawiri amafika pachimake m'mphindi 10 zoyamba kenako n'kuyamba kutsika okha. Thupi silingathe kukhala pamwamba pamenepo tsiku lonse.

Nanga n'chifukwa chiyani m'mamawa?

Tiziwalo tomwe tija ta pamwamba pa impso timatulutsanso timadzi tina totchedwa cortisol. Timeneti timayenda ndi nthawi ngati belu la sukulu. Pakati pa usiku timakhala tochepa, kukamacha timayamba kukwera, ndipo m'mphindi 30 mpaka 45 munthu atangodzuka timakwera kwambiri. Zimachitika kwa aliyense, ngakhale kwa ahedi. Ndi njira imene thupi limadzidzutsira, kukweza shuga m'magazi ndi kukonzekera ntchito ya tsikulo. Kwa munthu amene mtima wake uli m'malo, kukwera kumeneku kumangomveka ngati kutsitsimuka. Kwa amene anagona ndi katundu m'mutu, kumakhala ngati kuthira palafini pamoto umene unali kale ukunyeka.

Chachiwiri ndi njala. Ngati nsima munadya 7 koloko usiku, pofika 6 koloko m'mamawa papita maola 11 m'mimba mulibe kanthu. Ambiri a ife timanyamuka choncho, kuyenda mtunda wautali wapansi kapena kupalasa njinga, n'kukadya tikaweruka. Njala imabweretsa kunjenjemera, kufooka ndi mtima kugunda, zofanana ndendende ndi za nkhawa. Galu uja akamva zimenezi amaganiza kuti kwaopsa, n'kuwonjezera kuuwa.

Chachitatu ndi tulo. Munthu wa msinkhu wathu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Ife timawerenga ndi tochi mpaka pakati pa usiku, tambala woyamba akalira tadzuka kukatunga madzi, kusesa, kapena kukagwirako kumunda tisanapite kusukulu. Ubongo wosagona mokwanira umachita mantha msanga.

Chachinayi n'chakuti m'mamawa tsiku lonse limakhala likadali kutsogolo. Palibe chimene chachitika, nde maganizo amakhala ndi mpata wojambula zoipa zonse zimene zingachitike. Ukafika m'kalasi n'kuyamba kukopera manotsi, mutu umapeza ntchito ina, cortisol nayenso amakhala wayamba kutsika. N'chifukwa chake masana umaoneka wabwinobwino.

Yambani mwakayezetsa

Musawerenge nkhani ino n'kudziuza nokha kuti basi, yanga ndi nkhawa. Kuno kwathu kuli matenda ena amene amavala malaya ofanana. Malungo amabweretsa kunjenjemera, nseru ndi mutu. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima, kumabweretsa befu ndi chizungulire, ndipo n'kofala kwa atsikana amene amataya magazi ambiri akakhala kumwezi, komanso kwa amene ali ndi njoka za m'mimba kapena likodzo, limene sitilisowa kuno kufupi ndi madambo a mpunga ndi nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Zilonda za m'mimba, mphumu ndi matenda a chithokomiro nazonso zimatha kusokoneza. Ndipo tisabisane, nseru ya m'mamawa ikhoza kukhalanso chizindikiro cha mimba. Kudziwa msanga n'kwabwino kuposa kukhala ndi mantha miyezi itatu.

Pitani pa chipatala cha Ntaja kapena china chimene muli nacho pafupi. Kuyeza malungo n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Mukalowa, musangoti "ndikumva m'thupi". Nenani zonse: kuti zimabwera m'mamawa, zinayamba liti, mumagona bwanji, mumaganiza zotani. Ine ndinachita kulemba pa kapepala chifukwa ndinkadziwa kuti ndikakhala pamaso pa adokotala mawu andithawa. Anandiyeza malungo, magazi ndi kuthamanga kwa mtima, zonse zinali bwino. Atandifunsa za kunyumba ndi za mayeso m'pamene anatchula mawu akuti nkhawa. Kumva kokha kuti mtima wanga ndi wabwinobwino kunachotsa theka la mantha.

Koma ngati thupi latentha, ngati mwakomoka, ngati mukusanza osalekeza, kapena pachifuwa pakupweteka kwambiri mukamayenda kapena kugwira ntchito, musadikire. Zimenezo n'zofunika chipatala tsiku lomwelo.

Msampha wa kujomba

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Tsiku limene zakugwira kwambiri, umati lero ndisapite. Ukangonena choncho, mtima umatsika nthawi yomweyo, nseru n'kutha. Umamva bwino zedi. Koma taonani zimene galu uja waphunzira: ndinauwa, mbuyanga sanapite, ndipo wapulumuka, nde kusukulu n'koopsadi. Mawa auwa kwambiri kuposa lero. Uku manotsi akutsalira, ntchito ya aphunzitsi sunalembe, anzako akufunsa kuti unali kuti, mwinanso chibalo chikukudikira. Zoopa zenizeni zawonjezeka. Tsiku limodzi limasanduka sabata, sabata n'kukhala teremu, mapeto ake timangomva kuti uje anasiya sukulu, wapita ku Joni, kapena wakwatiwa. Sindikuti onse osiya sukulu ndi chifukwa cha nkhawa, koma ena ndithu anachoka chonchi, popanda wowafunsa kuti m'mamawa umamva bwanji.

Njira yokhayo imene galuyu amaphunzirira ndi kuona ndi maso ake kuti tapita, takhala, ndipo palibe chatiluma. Tsiku lililonse limene mwafika pasukulu mtima ukugunda, mwamuphunzitsa kanthu. Simukuyenera kudikira kuti mantha athe kaye kenako muzinyamuka. Mumanyamuka nawo, amakathera m'njira kapena m'piriyodi yachiwiri. Ngati mwakhala nthawi yaitali osabwera, yambani pang'ono: gwirizanani ndi aphunzitsi a kalasi yanu kuti mubwere mpaka pa buleki kwa masiku angapo, kenako tsiku lonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'mamawa wabwino umayamba usiku

Kukada, ndimatenga kope lakale n'kulemba zonse zimene zikundivuta, mphindi khumi basi. Ndimajambula mzere pakati. Mbali ina ndimalemba zimene ndingachitepo kanthu, monga mutu wa Fizikisi umene sindinaumve, ndipo pambali pake ndimalemba chochita chimodzi: mawa ndikafunsa mnzanga pa buleki. Mbali inayo ndimalemba zimene sindingazisinthe usiku uno, monga mvula, mtengo wa chimanga, kapena mmene MANEB idzafunsire mayeso. Ndikatseka kopelo ndimadziuza kuti zalembedwa, sizithawa, ndizipeza mawa. Maganizo akakhala papepala sazungulira kwambiri m'mutu.

Kenako ndimakonzeratu yunifolomu, makope ndi cholembera, madzi osamba ndimatungiratu. M'mamawa wa munthu wankhawa sufuna zosakasaka. Ndimasiyanso kachakudya: mbatata yootcha, chinangwa, nthochi, mtedza pang'ono, ngakhale mkute. Amene mumachita lendi pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira nokha, izi n'zofunika kwambiri kwa inu, chifukwa palibe amayi okukumbutsani.

Yesetsani kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, Loweruka lomwe. Amene muli ndi foni, WhatsApp ndi TikTok za pamphasa zimadya tulo. Ndipo zoviika mapazi m'madzi ozizira kuti muwerenge mpaka mbandakucha zija, dziwani kuti ubongo umasunga zimene mwawerenga pamene muli m'tulo. Kuwerenga maola awiri n'kugona bwino kumaposa kuchezera usiku wonse n'kukalowa m'kalasi mutu uli zii.

Zikakugwirani m'mamawa

Musakhalitse pamphasa. Kugona chagada n'kumamvetsera mtima kumangopatsa maganizo bwalo. Dzukani, khalani tsonga, mapazi agunde pansi.

Litchuleni dzina. Ine ndimati, "Wabwera uja, ndi cortisol ndi galu wanga, pofika 9 koloko akhala atatopa." Zikuoneka zoseketsa, koma ukalitchula dzina umasiya kuganiza kuti ukufa.

Pumani ndi mimba. Ikani dzanja pamchombo. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere ngati chibaluni, mapewa asakwere. Tulutsani ndi pakamwa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, ngati mukuuzira phala lotentha. Chitani kakhumi, mupumule, mubwerezenso. Chinsinsi chili potulutsa. Pali mtsempha wautali wotchedwa vagus umene umachoka ku ubongo n'kufika kumtima ndi m'mimba, ndipo ndi umene umagwira ntchito ya mabuleki. Mukamatulutsa mpweya motalika, mtima umatsika liwiro. Koma luso limeneli muziliyeserera madzulo pamene muli bwinobwino. Munthu saphunzira kupalasa njinga tsiku lothamangitsira wodwala kuchipatala.

Sambani kumaso ndi madzi ozizira. Madzi ozizira akakhudza nkhope, mtima umatsikako pang'ono, ndi mmene thupi linapangidwira.

Bwezani maganizo pamene mwaimapo. Tchulani zinthu zisanu zimene mukuziona, zinayi zimene mukuzimva m'makutu, zitatu zimene zikukhudza khungu lanu. Mtondo, ndowa, phiri la Chikala uko, nkhuku, belu la kabaza pamsewu. Nkhawa imakhala ku zamawa, pamene maso ndi makutu amakhala pa zalero.

Idyani kanthu ngakhale simukufuna, masupuni atatu a phala kapena theka la mbatata, ndi kumwa madzi. Zikakanika, kulungani mukadye m'njira nseru ikatsika. Anzathu achisilamu, m'mwezi wa Ramadhani musadumphe daku, chakudya cha mbandakucha chija, ndipo mumwe madzi okwanira kusanache.

Kenako yendani. Mtunda umene timadandaula nawo uja uli ndi phindu lake: thupi linakonzekera kuthamanga, nde kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga kumagwiritsa ntchito mphamvu ija. Ngati n'kotheka pezani mnzanu woti azikudutsirani. N'kovuta kubwerera pamphasa wina ataima pakhomo akuti, "Tiye, tachedwa."

Amene mumayamba tsiku ndi swala ya mbandakucha kapena pemphero la m'mamawa, pitirizani, ndipo muzichita modekha osati mothamanga. Kupemphera ndi kupita kuchipatala sizilimbana.

Zimene zimawonjezera moto

Khofi, tiyi wakuda bii ndi zakumwa zopatsa mphamvu za m'mabotolo zija zili ndi caffeine, amene amathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja. Pakapita maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'magazi, nde chimene mwamwa madzulo kuti muwerenge chimakudyerani tulo. Mowa umaoneka ngati ukukhazika mtima pansi usiku, koma ukamatha m'thupi m'mamawa nkhawa imabwera yowirikiza. Chamba n'choipirapo, chimatha kuyambitsa mantha aakulu ngakhale kwa munthu amene analibe. Mapiritsi ogonetsa ogula pamsika kapena opatsidwa ndi mnzanu musamwe. Ena mwa iwo thupi limawazolowera msanga, kuwasiya n'kukhala vuto lina. Mankhwala a nkhawa alipo, koma wolemba akhale wachipatala amene wakuonani.

Nthawi zina galu amauwa wakuba weniweni

Sikuti nkhawa yonse ndi ya mango ogwa padenga. Ngati mumaopa kudzuka chifukwa pali wina amene amakudikirirani panjira, amene amakugwirani thupi, amene amakumenyani kunyumba, wamkulu amene akukukakamizani chibwenzi, kapena achibale amene akukukonzerani banja, kupuma ndi mimba sikungathetse zimenezo. Pamenepo thupi likunena zoona, ndipo chofunika ndi kuchotsa choopsacho. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona nkhani zoterezi.

Enanso zinawayamba pambuyo pa zoopsa zimene anaziona, monga maliro a kholo, ngozi ya pamsewu, kapena namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 amene anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'chigawo chino cha kummwera. Pali anzathu amene mpaka lero mvula ikayamba kugunda malata mtima umachoka. Zimenezi zimachizika, koma zimafuna munthu wodziwa woti muzikambirana naye.

Uzani munthu mmodzi

Mutu umodzi susenza denga. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a m'maganizo dzina lake Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu amene akuvutika ndi kuganiza kwambiri, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi n'kulipezera njira. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Taonani, si makina, si jakisoni, koma munthu womvetsera bwino.

Sankhani mmodzi amene mumamukhulupirira: mayi, azakhali, amalume, aphunzitsi a kalasi, amayi a Mother Group, ashehe kapena abusa. Ine ndinayamba ndi azakhali anga. Ndinati, "Azakhali, m'mamawa mtima umandithamanga ndipo ndimachita mantha popanda chifukwa. Kuchipatala akuti ndi nkhawa. Sindikufuna kusiya sukulu, ndikufuna mundithandize." Iwo ndi amene anakafotokozera bambo, ndipo kuchokera pamenepo mawu akuti ulesi anatha pakhomo pathu.

Ngati pamaso pa munthu mawu sakutuluka, pali manambala aulere. 116 ndi nambala ya Tithandizane yothandiza ana ndi achinyamata, imene amayendetsa a bungwe la YONECO la ku Zomba. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira kwa aneba athu ku Balaka mu 2011 chisanafalikire dziko lonse. Vuto likakula, a chipatala chaching'ono amatumiza ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, ndipo akatswiri a matenda a m'maganizo aliponso ku Zomba Mental Hospital. Dzina limeneli lisakuopseni. Ambiri ankhawa safika n'komwe kumeneko, amathandizidwa akugona kwawo ndi kupita kusukulu.

Musadikire kuti zifike poipa. Ngati papita masabata awiri zikuchitika pafupifupi tsiku lililonse, ngati mwayamba kujomba, kuonda kapena kusagona, pitani. Ndipo ngati maganizo akuti bola kufa ayamba kubwera, uzani munthu wamkulu lero lomwe, musagone nawo nokha. Maganizo amenewo ndi chizindikiro cha matenda, ngati mmene kutentha thupi kulili kwa malungo, ndipo amachoka munthu akathandizidwa.

Kwa inu amene mulibe vutoli

Mwina mwawerenga mpaka pano n'kumati ine sizikundikhudza. Zikukukhudzani, chifukwa ndinu amene mumakhala pafupi. Mnzanu akamanjenjemera pa asembule, musamuunjirire ngati mwaona ngozi, ndipo musayambe kukuwa kuti ziwanda. Mmodzi yekha amutengere pamthunzi, akhale naye pansi, apume naye limodzi pang'onopang'ono, wina akaitane aphunzitsi. Mawu akuti "ungolimba mtima" kapena "usamaganize" sathandiza, akanatha akanachita kale. Nenani kuti, "Ndili pompano, zitha posachedwa." Zikatha musamufunse mafunso ambirimbiri, ndipo zimene wakuuzani zisakafike pa gulu la WhatsApp. Chokhacho chimene simuyenera kusunga ndi pamene wanena zodzipha kapena kuti wina akumuchitira nkhanza. Pamenepo kauzeni wamkulu, ngakhale akukwiyireni.

Akajomba masiku awiri, mudutsireni, mumubwereke manotsi. Kanthu kakang'ono ngati kameneka kakhoza kusunga munthu pasukulu mpaka adzalembe MSCE.

Kwa anzanga ankhawa, musayembekeze kuti zonse zitha sabata imodzi. Kwa ine zinatenga pafupifupi teremu yathunthu kuti masiku abwino ayambe kuchuluka kuposa oipa, ndipo mayeso akayandikira galu uja amayambiranso. Sankhani zinthu ziwiri zokha m'nkhani ino, mwina kusiya mbatata usiku ndi kupuma kwa 4 ndi 6, muzichite masabata awiri osadumphitsa. Kumapeto kwa kope muzilemba nambala tsiku lililonse, kuyambira 0 mpaka 10, kusonyeza kukula kwa mantha podzuka, ndi nambala ina pa buleki. Mudzaona ndi maso anu kuti nambala yachiwiri imakhala yotsika, ndipo umboni umenewo ndi umene mudzadziwerengere tsiku limene zavuta. Pa 10 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za umoyo wa m'maganizo. Ndikupempha akalabu ndi aphunzitsi athu kuti chaka chino tipatuleko piriyodi imodzi tikambirane zimenezi poyera, ndipo ngati n'kotheka tiitane wachipatala adzayankhe mafunso athu. Amene muli ndi funso koma mukuchita manyazi, lembani pa kapepala popanda dzina, mupatsire akonzi a bolodi lino.